Kalata ya khonsolo yoti ndifotokoze pasanathe masiku 14: ndithamangire ku khoti kapena ndiyankhe kaye?

Mayi a Tadala: Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. A khonsolo asiya kalata pa shopu panga, anapatsa mtsikana wogulitsa ine kulibe, chizungu chake chovuta koma mfundo yake ndi yoti ndifotokoze pasanathe masiku 14 chifukwa chomwe asandilandire layisensi komanso asagwetsere khonde lomwe ndinawonjezera kutsogolo kuti makasitomala azikhalapo akamadya. Akuti khondelo ndinamanga popanda pulani yovomerezeka ndipo lalowa m'malo a msewu. Layisensi ndimalipira chaka ndi chaka, malisiti onse ali mu faelo. Abambo akunyumba akuti tisataye nthawi tikatenge chiletso ku khoti basi. Amene munakumanapo nazo ndithandizeni chonde, ana amadya pa shopu pomwepo.

Achimwene a Hardware: Amayi mawa lomweli kwa loya. Anthu amenewa akafika polemba kalata ndiye kuti anamaliza kale nkhani, zoti fotokozani ndi zongokuphimbani mmaso. Chiletso chokha ndi chomwe amaopa.

Nabanda wa ku Joni: Pepani kwambiri asisi. Pakhomapo ajambulapo kale X yofiira ija kapena ndi kalata yokha?

Mayi a Tadala: Kalata yokha, X palibe. Koma mzere wathu onse tili asanu talandira zofanana.

Bambo a Yamikani: Mayi a Tadala khazikani mtima pansi kaye. Ine si loya, koma ndinagwira ukalaliki kwa maloya zaka zambiri ndipo makalata otere ndawaona ambiri. Chinthu choyamba, kalata mwalandirayo si chigamulo. Akukuuzani zomwe akufuna kuchita ndipo akukupatsani mpata woti mulankhule asanachite. Mpata umenewu sakukupatsani mwachifundo ayi, amakakamizidwa ndi gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko a 1994, lomwe limati boma likamachita chinthu chokhudza munthu lichite motsata lamulo, mwachilungamo, ndipo lipereke zifukwa molemba. Ndiye mukathamangira kwa jaji lero kukanena kuti sanandimvere, jaji akufunsani kuti kodi si kalatayi ikukupemphani kuti mulankhule? Mwayankha chani? Mukati sindinayankhe, nkhani yanu yayamba kale kutsimphina. Nthawi zambiri khoti silikonda kulowerera chiganizo chisanapangidwe, limati mwafulumira, bwererani mukayankhe.

Achimwene a Hardware: Akulu zimenezo ndi za m'mabuku. Pansi pano mnzanga anayankha bwinobwino masamba awiri, patapita nthawi pang'ono anabwera mamawa ndi apolisi kontena yake kuinyamula. Yankho lake analiwerenga ndani?

Bambo a Yamikani: Sindikukana kuti zimachitika achimwene. Koma funso ndi loti atanyamula kontenayo mnzanuyo anali ndi chani mmanja? Ngati anali ndi kope ya yankho lake yodindidwa chidindo cha khonsolo ndi deti, ndipo iwo sanamuyankhe kanthu molemba, munthu ameneyo anali ndi mlandu wamphamvu kwambiri ku High Court. Ngati anangopereka kalata pa windo osasunga kope, ndiye ndi mawu ake kulimbana ndi mawu awo. Kuyankha sikukutsekerani njira ya khoti, kumakumangirani njirayo.

Achimwene a Hardware: Kope analibe, zimenezo ndivomere.

Aphunzitsi: Ndifunseko bambo a Yamikani. Gawo 43 mwatchulalo ndimaphunzitsako ana mu Social, ndipo limanenanso za ufulu womwe waopsezedwa, osati womwe waphwanyidwa kale wokha. Kalata yoti tikugwetserani khonde si kuopseza kumeneko? Ndiye bwanji munthu adikire?

Bambo a Yamikani: Funso labwino aphunzitsi, ndipo mukunena zoona, mawu amenewo alimo. Nchifukwa chake sindinanene kuti khoti silingakumvereni olo pang'ono. Pali nthawi zomwe kalata yeniyeniyo ndi yomwe ili ndi vuto ndipo munthu atha kupita nayo ku khoti osadikira. Mwachitsanzo amene walembayo alibe mphamvu pa nkhaniyo, kaya malowo sali mmanja mwa khonsolo, kaya wasayina ndi munthu yemwe lamulo silinamupatse udindo umenewo. Kapena kalatayo ikuoneka kuti chiganizo anapanga kale, pamwamba akuti fotokozani koma mmunsi alemba kale tsiku lobwera kudzagwetsa. Kapena nthawi akupatsaniyo ndi yosatheka, kalata yafika lachisanu madzulo akuti muyankhe pofika lolemba mmawa. Kapenanso sinanene mlandu wanu ndi chani, yangoti mwaphwanya malamulo a khonsolo osatchula lamulo liti, ndiye munthu uyankha chani? Zikakhala chomwecho loya ali ndi pogwira. Koma kalata ya Mayi a Tadala mmene aifotokozeramu yatchula zifukwa ziwiri, yapereka masiku 14, X palibe. Imeneyo ndi yoyankha.

Mayi a Tadala: Ndiye ndiyankhe kuti chani poti khondelo ndinamangadi popanda pulani? Ndinkaona ngati poti shopu ili ndi pulani kale komanso layisensi amandipatsa chaka chilichonse akuliona khondelo, ndiye kuti palibe vuto.

Bambo a Yamikani: Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Layisensi ya bizinesi ndi chilolezo chomangira ndi zinthu ziwiri zosiyana, maofesi akenso osiyana ngakhale ali mnyumba imodzi. Za zomangamanga zimayendera Physical Planning Act ya 2016, yomwe inalowa mmalo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, ndipo kuwonjezera chipinda kapena khonde lokhazikika kumafuna chilolezo chakechake. Malisiti a layisensi sangayeretse khonde. Koma zomwezo zikuthandizaninso mbali ina: ngati vuto ndi khonde, layisensi ya shopu yonse ikulandidwa chifukwa chani? Afunseni molemba kuti akutengera gawo liti la lamulo liti polumikiza ziwirizi. Shopu ili ndi pulani, ukhondo sanadandaule, msonkho mulibe ngongole. Kutseka bizinesi yonse chifukwa cha khonde ndi chilango chopitirira mulingo, ndipo gawo 29 la malamulo a dziko limapatsa aliyense ufulu wochita bizinesi ndi kupeza zofunika pa moyo wake. Za khondelo musaname. Lembani chaka chomwe munamanga, nenani kuti ndinu okonzeka kupereka pulani tsopano kuti aiunike ndi kulipira zomwe lamulo likunena, ndipo pemphani kuti asachite kanthu mpaka atakuyankhani molemba.

Asisi a ku Leeds: Ndikugwirizana nazo zoti asaname. Koma kuvomera molemba si kudzipachika wekha? Mawa adzaitenga kalata yomweyo kukaonetsa jaji kuti onani anavomera yekha.

Bambo a Yamikani: Khonde likuoneka ndi maso asisi, ku ofesi kwawo faelo ya polotiyo ilipo ndipo pulani ya khonde mulibe. Palibe chobisika apa. Ndipo mukadzapempha chiletso mbali inayo kulibe, lamulo limafuna kuti muuze jaji zonse ngakhale zokuipirani, mukabisa ndiye a khonsolo akabwera kudzaulula chiletsocho chimachotsedwa tsiku lomwelo ndipo mutha kulipiranso ndalama zomwe iwo awononga pa mlanduwo. Chomwe sakuyenera kuvomera ndi cha malo a msewu. Chimenecho asavomere pokhapokha atayeza.

Wa Kabaza: Zoona zimenezo. Malo a msewu anthu amangoloza ndi dzanja, wina akuti mpaka pa mtengo uwo wina akuti mpaka pa polo ya magetsi.

Malume a Area: Ndilowerepo apa poti ndinagwirako ntchito ndi anthu oyeza malo. Kukula kwa malo a msewu kumatengera mtundu wa msewuwo. Pa misewu ikuluikulu ya M ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuyambira pakati pa msewu, koma timisewu ta mmalokeshoni ndi tochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ndiye amayi yambani mwadziwa kuti msewu wanuwo ndi wa mtundu wanji komanso uli mmanja mwa ndani, khonsolo kapena Roads Authority. Kenako tengani mapepala a poloti, kaya ndi lizi kaya kalata yomwe anakupatsirani malowo, pamakhala mapu oonetsa mabikoni. Pezani woyeza malo wovomerezeka adzafukule mabikoniwo ndi kulemba lipoti. Khonde likapezeka mkati mwa mabikoni anu nkhani ya msewu yathera pomwepo, yatsala ya pulani yokha. Likapezeka kuti ladutsa, ine malangizo anga gumulani nokha mbali yadutsayo mupulumutse malata ndi mapaso, chifukwa palibe jaji angakupatseni malo a msewu.

Mayi a Tadala: Ndi kamsewu ka mlokeshoni malume, si M ayi. Mabikoni awiri akutsogolo anakwiririka pomwe ankakonza ngalande koma mapepala ndili nawo.

Malume a Area: Kukwiririka si vuto, manambala ali pa mapepalawo awapeza nawo.

Achimwene a Hardware: Chabwino ayankhe. Nanga akangobwera ndi makina yankho lisanatuluke? Inu mukulankhula ngati anthu amenewa amadikira. Amene tinaona Operation Dongosolo mu 2006 tikudziwa mmene mabenchi a mavenda anachokera mmisewu, panalibe zofotokozerana.

Bambo a Yamikani: Nchifukwa chake ndikuti achite ziwiri nthawi imodzi. Yankho lipite, koma aonanenso ndi loya sabata ino kuti mapepala akhale okonzeka mu kabati. Njira yake imatchedwa judicial review, ndipo imapita ku High Court kokha, kwa majisitireti sizitheka. High Court ili ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Malamulo ake ali mu Order 19 ya malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017. Umayamba wapempha chilolezo kwa jaji kuti nkhani yako imvedwe, umapereka chikalata cholumbira chofotokoza zonse ndi makope a makalata, ndipo nthawi yomweyo umapempha kuti chiganizo cha khonsolo chiimitsidwe kaye. Zikakhala zachangu, mwachitsanzo abwera kudzajambula X kapena akuuzani tsiku, jaji atha kumva pempholo mwamsanga iwo kulibe, kenako nkuika tsiku loti mbali zonse zibwere. Malire ake ndi miyezi itatu kuchokera tsiku la chiganizo. Khoti lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi koma musadalire zimenezo, komanso musadikire mwezi wachitatu chifukwa khonde likagwa chiletso chilibenso ntchito, chotsala ndi kulimbana za chipukuta misozi zomwe zimatenga zaka.

Nabanda wa ku Joni: Miyezi itatu ndi yochepa eti. Kuno ku Joni lamulo lawo la PAJA la 2000, lotsutsira ziganizo za boma ku khoti, limapereka masiku 180, koma nawonso amati uyambe wamaliza njira zodandaulira za mkati mwa khonsolo usanapite ku khoti. Abale athu ambiri a ma spaza, timashopu ta mmalokeshoni, amangotaya kalata poopa za mapepala, kenako shopu kutsekedwa.

Bambo a Yamikani: Mwakumbutsa mfundo yofunika asisi. Kwathu kunonso jaji amafunsa ngati panalibe njira ina. Pa nkhani za zomangamanga lamulo la 2016 lija lili ndi njira ya apilo, ndiye chiganizo chenicheni chikadzatuluka muwerenge bwino ngati chanena kokachita apilo ndi masiku ake, loya akuuzeni ngati muyambire kumeneko. Kulumpha sitepe imeneyo popanda chifukwa chomveka kwagwetsa milandu yambiri yabwino.

Aphunzitsi: China chomwe anthu samvetsa, akaona kuti wapambana judicial review amaganiza kuti jaji wanena kuti khonde likhale mpaka kalekale.

Bambo a Yamikani: Eya, si choncho. Jaji sakhala pa mpando wa khonsolo. Amayang'ana ngati anali ndi mphamvu, ngati anakumverani, ngati zifukwa apereka zikugwirizana ndi zomwe achita, ngati panalibe kaduka kapena chinyengo. Akapeza cholakwika amafafaniza chiganizocho ndi kuwauza kuti ayambirenso moyenera. Akayambiranso moyenera atha kufikanso pa chiganizo chomwe chija. Ndiye munthu ugwiritse ntchito nthawi wapezayo kukonza mapepala, osati kungogona pa chiletso.

Wa Kabaza: Zonsezi ndi zabwino koma loya ndi ndalama. Ife a tsiku ndi tsiku tiyambira pati?

Asisi a ku Leeds: Legal Aid Bureau ilipo achimwene, ndi ya boma ndipo imathandizanso milandu yomwe si ya upandu, kungoti amayamba aona kapezedwe kako ndipo anthu amakhala ambiri ndiye kupita msanga. Palinso ofesi ya Ombudsman, kudandaula kumeneko ndi ulere.

Bambo a Yamikani: Ombudsman ndi wabwino pa nkhani zoti ofesi yakuchitira nkhanza, yakhalira kalata yako kapena yakondera, koma kafukufuku wawo amatenga nthawi. Makina akakhala kuti akubwera mawa, khomo lake ndi High Court basi. Ndipo tisamaganize kuti khoti ndi la olemera okha. Mayeso Gwanda anali venda wogulitsa majumbo ku Blantyre, anamangidwa akupita ku geni mbandakucha pa mlandu wa vakabu, ndipo mu January 2017 High Court inagamula kuti gawo la lamulo anamumangiralo ndi losemphana ndi malamulo a dziko. Anali ndi maloya ndi mabungwe omuthandiza inde, koma nkhani inayambira pa venda mmodzi.

Achimwene a Hardware: Komanso ya lockdown ija mu April 2020, Jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa masiku 21 aja asanayambe nkomwe. Ndiye mukati khoti silikonda kulowerera zinthu zisanachitike ine ndimakumbuka imeneyo.

Bambo a Yamikani: Pamene paja chiganizo chinali chitapangidwa kale achimwene, boma linalengeza tsiku loyambira, panalibe yemwe anauzidwa kuti bwerani mudzafotokoze. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Tsiku lomwe khonsolo idzalembere Mayi a Tadala kuti tamva koma tigwetsabe, kapena kubwera osayankha nkomwe, ine ndidzakhala woyamba kunena kuti thamangani.

Gogo wa pa Msika: Ana anga ndinene zomwe simunatchule. Kalata zotere zikatuluka sipatenga nthawi, pamabwera munthu wovala bwino kudzakunong'onezani kuti mayi nkhaniyi ndi yaing'ono, ya fanta yokha faelo isowa. Musayerekeze. Faelo imasowadi miyezi ingapo kenako imatulukanso ndi munthu wina wofuna yakenso, ndipo inu mulibe pepala lililonse. Kuwonjezera apo wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu. Ndalama iliyonse muzilipira pa kauntala mulandire lisiti ya khonsolo.

Mayi a Tadala: Agogo mwanena ngati munalipo, wina wandiimbira kale madzulo ano akuti tikumane tikambirane. Sindipita.

Aphunzitsi: Nambala yakeyo isungeni ndipo lembani tsiku ndi nthawi yomwe anaimba. Kwa khansala wa dera lanu pitaninso, anthu asanu mzere umodzi si nkhani yaing'ono. Kuchokera 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda makhansala ndiye anthu tinazolowera kuti khonsolo ndi ma ofesala okha, koma pano alipo ndipo amakhala mmakomiti momwe nkhani zoterezi zimakambidwa.

Malume a Area: Khansala apiteko inde koma mawu ake apakamwa oti musadandaule ndikonza asawaike mmalo mwa yankho lolemba. Masiku 14 akuwerengedwabe.

Mayi a Tadala: Masikuwo akuyambira liti? Deti ili pa kalata ndi ya sabata yatha koma yafika dzulo.

Bambo a Yamikani: Werengani mawu ake, ena amalemba kuchokera pa deti ya kalata ena kuchokera tsiku lolandira. Kuti musakangane nawo werengerani pa deti ya kalatayo ndipo yankho lipite masiku asanathe, koma mu ndime yoyamba mulembe tsiku lomwe inafika ndi amene anailandira. Ngati lipoti la woyeza malo lichedwa musadikire, perekani yankho ndi kunena kuti lipoti likubwera, pemphani masiku owonjezera molemba. Pemphaninso kope ya lipoti la oyendera omwe anabwera kudzaona khondelo, simungayankhe bwino zinthu zomwe simunazione, ndipo akakana pali Access to Information Act yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2020. Kalatayo ipite kwa mkulu wa khonsolo, makope awiri, imodzi adinde ibwerere nanu. Jambulaninso zithunzi za shopu yonse mmene ilili lero, mkati ndi kunja, katundu, mafiriji, chilichonse.

Nabanda wa ku Joni: Nanga anzawo anayi aja? Alembe kalata imodzi onse asayine, ikhala ndi mphamvu.

Achimwene a Hardware: Eya komanso loya mmodzi asonkherane, mtengo utsika.

Bambo a Yamikani: Za loya mmodzi ndi woyeza malo mmodzi ndikuvomereza, asonkherane. Koma yankho aliyense alembe lake. Kalata inabwera mu dzina la munthu aliyense payekha ndi nambala ya poloti yake, ndipo nkhani zawo sizifanana, wina mwina shopu yonse ilibe pulani, wina ali ndi ngongole ya layisensi, wina ndi wa lendi chabe ndipo woyenera kuyankha za nyumbayo ndi landilodi. Mukaphatikiza, vuto la mmodzi lidzaipitsa onse, ndipo khonsolo itha kunena kuti uje ndi uje sanayankhe kalata zawo. Mayi a Tadala funsani anzanuwo ngati pali wa lendi, ameneyo atumize kope kwa landilodi wake lero lomwe komanso ayankhe yekha mbali ya layisensi.

Mayi a Tadala: Awiri ndi a lendi, landilodi wawo ndi mmodzi ndipo amakhala kunja. Ndiwauza usiku uno amutumizire pa WhatsApp.

Bambo a Yamikani: Amutumizire, ndipo landilodiyo alembe ndi kusayina kalata yopatsa mphamvu munthu wina kuno kuti amuyankhire ndi kusayinira pulani, apo ayi ku khonsolo akakana kulandira mapepala kuchokera kwa munthu yemwe dzina lake silili pa faelo.